Udindo Wanga ku Arsenal Unathera pa Chulu

Kwa zaka zingapo ine, mlimi wa manachesi ndi mbatata ya kachewere kuno ku Neno, ndinali mmodzi wa akuluakulu oyendetsa timu ya Arsenal. A ku London sankadziwa, ndipo sanandilipireko ngakhale tambala, koma ntchito ndinkaigwira mokhulupirika. Ofesi yanga inali gulu la masapota pa WhatsApp, ine ndiye adimini. Ndinkasankha oyamba kusewera, kugulitsa otitopetsa, ndi kuchotsa ntchito kochi. Arsène Wenger ndinamuchotsa kambirimbiri asanachoke mu 2018 atakhala pampando zaka 22. Atachoka, woyamba kulemba kuti mdala uja tamulakwira ndinali ine ndemwe.

Ntchito yotereyi kwathu kuno si yamasewera, chifukwa netiweki imasankha pokhala. Pakhomo pathu imapezeka pa chulu cha kuseri kwa khola la mbuzi, ndiponso foniyo uchite kuitukula m'mwamba. Ndinapaponda pamenepo mpaka udzu unaleka kumera. Foni ikatha moto ndinkathamangitsa mwana kukatchajitsa kwa wometa tsitsi amene ali ndi sola. Mpirawo ndinkaonera pa vidiyo shoo ya pamsika, titathithikana pamabenchi, jenereta ikulira panja. Koma mphindi 90 zija zinali poyambira chabe. Ntchito yeniyeni inali mkangano wa pambuyo pake, umene tinkafika nawo mpaka tambala woyamba.

Anzanga a pagulupo sindinawaonepo ndi maso. Ena anali ku Blantyre, ena ku Lilongwe, ena ku Johannesburg. Onse ankanditchula Bwana Adimini, ndipo apa ndi pamene panali uchi. Masana wogula manachesi wochokera ku Zalewa ankabwera n'kunditchulira mtengo wa zipatso zanga zomwe, ine n'kungoti chabwino. Usiku wotchula ndinali ine. Tsiku lina kazitape wa Man U analowa pagulu mozemba n'kuponya chithunzi cha zigoli 8 kwa 2 zimene anatithira mu 2011. Ndinamutulutsa ndi chala chimodzi, ndipo nsima ya tsiku limenelo inandikomera kwambiri.

Ndinali ndi nzeru zanganso zapadera. Boma lathu linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo chaka chotsatira Arsenal inatenga ligi osagonjako. Pofika 2023 tinali tikudikirabe ziwiri: chikho cha ligi ndi msewu wa tala wofika ku boma. Ndinkauza gulu kuti munthu wa ku Neno simungamuphunzitse kudikira, choncho andimvere ine.

Chaka chimenecho zinkaoneka kuti kudikira kwatha. Timu ya Mikel Arteta inakhala pamwamba pa ligi pafupifupi nyengo yonse, ndipo ine ndinalengeza pagulu kuti tsiku lonyamula chikho ndipha mbuzi. Mbuziyo inali ya amayi a kunyumba, yogula ndi ndalama zawo za banki m'khonde, koma izo sindinazilembe. Iwo atamva anangoti, "Abambo, linda madzi apite ndiye uziti ndadala." Ine ndinati za mpira sazidziwa.

Wosewera wathu William Saliba anavulala msana mu Malichi, ndipo nkhani imeneyi ndinaifotokoza pakhonde mwachisoni chonse, amayi a kunyumba akusenda mbatata. Ataweruka kukolola tsiku lina anandifunsa kuti, "Msana wa Saliba mukuudziwa bwino. Wangawu munaufunsa liti?" Ndisanayankhe anaonjezera lina: "Nanga mwana wanu woyambayu ali sitandade chani?" Ndinayankha molimba mtima, ndipo ndinaphonya ndi makalasi awiri.

Kenako unadza Epulo. Tinatsogola 2 kwa 0 ku Liverpool, masewero n'kutha 2 kwa 2. Ku West Ham chimodzimodzi. Southampton, imene inali kumchira kwenikweni, tinalepherana nayo 3 kwa 3 pakwathu pomwe. Pa 26 Epulo Manchester City inatithira 4 kwa 1. Mpirawo unayamba 9 koloko usiku, ndiye pofika pachulu panga kunali pakati pa usiku, mphepo ya kumapiri ikulowa mpaka m'mafupa. Ndinajambula voisi noti yaitali, ndikufuula kuti tafa, tatha, atipha ana a eni. Agalu a mudzi wonse anandiyankha.

Ine pano ndili pachikamwini, ndipo nyumba ya apongozi ili pafupi. M'mawa kutacha anatuma kamwana kudzafunsa amayi a kunyumba kuti maliro agwa a ndani kwawo kwa akamwini, kuti iwo akonze ufa. Amayi a kunyumba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kawauzeni nokha." Sindinapite. Sabata imeneyo ndinkadzera njira ya kudambo popita kumunda.

Pa 20 Meyi tinagonja 1 kwa 0 ku Nottingham Forest, chikho n'kupita ku City. Usiku womwewo ndinalemba mawu otsanzika, aatali ndi okhudza mtima, othokoza onse amene ndinatumikira nawo. Ndinatuluka pagulu, n'kukhala pachulu kudikira kuti andiimbire kundichonderera. Foni inangoti zii. Msuweni wanga amene anatsala pagulupo anandiuza pambuyo pake kuti wina anaponya sitika yoseka, wina anafunsa kuti watulukayo ndi ndani, ndipo kusanache anali atasankha adimini wina.

Masiku oyamba chala chinkayabwa. Ndinkapezeka ndaima pachulu popanda chifukwa, mbuzi ija ikundiyang'ana. Inapulumuka, ndipo inaswa ana awiri. Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kugona nthawi yabwino ndi kulawirira kumunda. Mitengo ya manachesi imene ndinaisiya kalekale ndinaidulira nthambi zouma ndi kuithira manyowa a m'khola lomwe lija. Ndalama za bandulo zinayamba kulowa ku banki m'khonde. Ndinazindikiranso kuti foni yomweyi ingathe kufunsa mtengo wa manachesi ku Zalewa wogula asanafike pakhomo. Tsopano akatchula wake, ine ndimatchula wanga, ndipo timakangana bwinobwino maso ndi maso.

Pamenepo ndi pamene ndinadzimvetsa. Mpira ndinkaukonda, inde, ndipo mpaka lero ndimapita ku vidiyo shoo kukaonera. Koma chimene chinkandikweza pachulu chinali kufuna malo amene mawu anga akanakhala omaliza. Ndinkawafuna kwa anthu osandidziwa, pamene a pakhomo panga ankangofuna kuti ndiwamve.

Chimene chinandichititsa manyazi koposa n'chakuti mwana wanga uja, amene ndinkamutuma kukatchajitsa foni, ndi goloboyi wa timu ya pasukulu pake. Mudzi wonse unkadziwa kupatula ine. Ndinapita kukamuonera pabwalo la fumbi, zigoli zake za milimo yopanda ukonde, ndipo anadumpha n'kugwira mpira umene aliyense anali ataugonjera kale. Ndinalira pang'ono, ndikunamizira fumbi.

Musaganize kuti ndasinthiratu. Masewero achiwiri ndinaima pamzere kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndikuuza ana a eni poima ndi kulangiza aphunzitsi amene ayenera kutuluka. Pobwerera kunyumba mnyamatayo anayenda chete, kenako anati, "Ababa, mukabweranso muzingoonera." Aphunzitsi ake ndi anzeru kuposa ine. Anandipempha mwaulemu kuti ndizibwera ndi thumba la manachesi ndi kusendera osewera kuti adye pa nthawi yopuma. Ana ndi ambiri, ndipo ntchitoyo imanditengera chigawo choyamba chonse, ndili pansi pa mtengo, kutali ndi mzere.