Wa mpira ndi yemweyo, wa lipenga ndi yemweyo

Ku America kuli mpira wina umene amautcha football ngakhale amathamanga ataukumbatira ngati mwana wakhanda. Timu yake imakhala ya anthu 11. Koma kumidzi ya ku Texas, Nebraska ndi Montana kuli masekondale aboma oti ophunzira onse sakwana n'komwe 100, ndiye anyamata 11 uwatenga kuti? Mu 1934 mphunzitsi Stephen Epler wa ku Chester, ku Nebraska, anayambitsa wa anthu 6 mbali iliyonse, pabwalo la mayadi 80 m'malo mwa 100. Mpaka lero, Lachisanu madzulo mudzi wonse umakhamukira kumeneko.

Nkhani yagona pa bandi. Nthawi yopuma ikakwana, bandi ya sukulu imalowa m'bwalo ikuguba ndi malipenga ndi ng'oma. Nanga oimbawo achokera kuti, si ana omwewo? Kochi wina, timu yake itapanikizidwa, analowa m'chipinda maso ali psuu kuti awalalatire anyamata ake. Anapezamo atatu okha.

"Enawo athawa?"

"Ayi aphunzitsi, akuimba. Lipenga likumveka wefuwefulo ndi kaputeni wathu."

Mabandi a masukulu akuluakulu amati akandanda m'bwalo, matupi awo n'kulemba dzina la sukulu. Bandi ina ya ana 9 inalimbana nazo zimenezo mwezi wathunthu, koma chilembo chimene chinatheka ndi I basi. Tsiku lina wa ng'oma, amene amakhala kumapeto kwa mzere, anatsalira akumanga chingwe cha nsapato, chilembo chija n'kusanduka i wamng'ono. Makolo anaimirira kuwomba m'manja, ati ana aphunzira chatsopano.

Ku Texas mpirawu uli ndi lamulo lachifundo limene matimu ena a kwathu kuno akanalilandira ndi manja awiri. Timu ikatsogola ndi mapointi 45 pofika nthawi yopuma kapena pambuyo pake, masewero amathera pomwepo. Agogo ena anayenda maola awiri pagalimoto kukaonera mdzukulu wawo, ndipo anafika anthu akupinda mipando.

"Iwe, mwagonja kale?"

"Sitinagonje agogo, angotimvera chisoni."

Lolemba lake ahedi anakwiya. Anaitanitsa kochi, dalaivala wa basi ya sukulu ndi mphunzitsi wa mbiri yakale kuti abwere ku ofesi msanga. Munalowa bambo mmodzi, n'kukhala pampando wapakati.

"Basi inafika mochedwa, anyamata analowa m'bwalo osakonzeka, ndipo mayeso a mbiri onse 6 alephera. Wolakwa ndani?"

Bambo uja anayang'ana mpando wakumanja, n'kuyang'ananso wakumanzere.

"Bwana, ine monga kochi, dalaivalayu ndakhala ndikumudandaula kuyambira kalekale."