Madzi Ovala Tayi

Dera la Inkosi Kachindamoto silingadandaule kuti Mulungu analimana madzi. Kuvuma kuli nyanja yathunthu, imene anthu a ku Lilongwe akuisirira mpaka kuyala mapaipi kuchokera ku Salima. M'mapiri a Dedza ndi Ntcheu mumatsika Nadzipokwe, Namikokwe ndi Livulezi, ndipo ku Bwanje madzi amalimitsa mpunga. Koma madzi amene amapatsidwa ulemu kuno si amenewa. Olemekezekawo amabwera pa lole kuchokera m'tauni, atakulungidwa m'pulasitiki, botolo lililonse litavala kachipewa kabuluu ndi kapepala ka m'chiuno kojambulidwa phiri.

Mukafuna kuona udindo wawo, dikirani tsiku limene bungwe lina labwera ndi galimoto zoyera kudzachititsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango pasukulu. Tebulo la aphunzitsi aakulu limatulutsidwa mu ofesi, limayalidwa nsalu, ndipo mabotolo amandandalikidwa alendo asanafike. Simufunika kudikira malonje kuti mudziwe wamkulu ndani, ingowerengani mabotolo. Mlendo wolemekezeka ali ndi awiri, lina la ludzu, lina la udindo. A khansala ali ndi limodzi. Agulupu nawo ali ndi limodzi, koma laimikidwa pakati pa iwo ndi abusa, moti onse awiri akuliyang'ana cham'mbali mosaonetsera. A komiti ya chitukuko, amene anayamba kusesa bwalo tambala atangolira, auzidwa kuti akatsala alandira. Ife a padzuwa tapatsidwa mawu. Wotsogolera mwambo akakuwa kuti "Madzi!" timayankha kuti "Ndi moyo!", kukhosi kuli gwa.

Kamwedwe kakenso kali ndi malamulo ake. Munthu wozindikira sapendeketsa botolo n'kulimaliza kamodzi, kholingo likukwera n'kutsika, chifukwa kutero n'kudziulula kuti kwanu n'kwa chikho. Amapotokola chivindikiro pang'onopang'ono kuti aliyense amve kulira kwake, amanyowetsa milomo, amatseka, n'kuliimika pambali pa foni. Akatero amaimirira n'kutiuza kuti madzi a pamjigo umene bungwe lawo latikumbira ayezedwa, ndi abwino kwambiri, tisaope. Mjigowo uli poteropo. Amadula kansalu ndi sizasi, amapopa kawiri kuti ajambulidwe, amasamba m'manja, azimayi akululutira. Kumwako ayi. Pemphero lotsekera likamafika pa "Amen", ana amene akhala akulondera mabotolo ndi maso kuyambira m'mawa amakhala atafika kale patebulo. Agulupu okha ndiwo sachita nawo mpikisanowu. Lawo analilowetsa m'thumba la jekete abusa atangotsinzina.

Pa Golomoti, pamene msewu wa M5 umakumana ndi wopita ku Monkey Bay komanso wokwera Khwekhwerere, minibasi ikangoima mazenera amadzaza manja. Madzi apa ali m'magulu atatu. Pali botolo lomatidwa kufakitale, la anthu amene amatulutsa ndalama osafunsa mtengo. Pali botolo lomwelo pa ulendo wake wachiwiri kapena wachisanu, lotsukidwa bwino, lodzazidwa m'mawa womwewo, chivindikiro chomangidwa ndi dzanja lamphamvu. Ndiye pali kajumbo komanga mfundo, kamene umaluma pakona n'kuyamwa, madzi ena akutsikira m'chigongono. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala ngati amenewa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu 2019, koma kajumboko sikanamve nkhaniyi, kakadali pantchito.

Mayi wina wa magalasi akuda walandira botolo pazenera. Akulitembenuza uku ndi uku, kufunafuna chizindikiro cha MBS, kuyesa chivindikiro ndi chala.

"Iwe, ndi orijino amenewa?"

"Eee madamu, musakayike. Ndatunga ndekha."

Mwa anyamata onse othamangira galimoto, simudzamvapo wina akukuwa kuti "Aukhondo!" kapena "Oyezedwa!" Onse ndi "Ozizira! Ozizira apa!" Anazindikira kalekale kuti mu Okutobala kuchigwa kuno, phula likusungunuka pamsewu, munthu amatulutsa ndalama chifukwa cha kuzizirako, zina zonse amafunsa atamwa kale. Ndipo kuzizirako kuli ndi mbiri yake. Kuyambira 2022 pa Golomoti pomwepo pali munda wa magalasi wa kampani ya JCM Power, umene umatchera dzuwa n'kupanga magetsi okwana mamegawati 20 olowa m'mawaya a ESCOM. Ndiye kuti dzuwa limene limatiwamba masana limalowa m'waya, limakatulukira m'filiji ya mayi wa golosale, n'kubwera kudzatigulitsa mankhwala a matenda amene layambitsa lokha. Sing'anga wa khalidwe lotere kumudzi tikanamusamutsa.

Tsopano tiwerengere, poti masamu sachita manyazi. Chigubu chachikasu chija munali mafuta ophikira chimalowa malita 20. Botolo la patebulo la akuluakulu ndi theka la lita. Choncho mtsikana amene mukumuona akuchokera kumjigo chigubu chili pankhata wasenza mabotolo 40. Tingoyerekeza kuti botolo ndi K1,000, poti mitengo ya masiku ano imasintha ukadali pamzere. Mwanayu wasenza K40,000, ndipo asanapite kusukulu abwererakonso. Pamutu pake pamadutsa chuma choti akanayenera kuyenda ndi mlonda. Koma akatula pakhomo palibe amene amati zikomo, amangomufunsa kuti wachedwa kuti. Madzi amenewa timawatcha aulere chifukwa khosi la mwana wamkazi silipereka lisiti.

Nanga mu K1,000 ija mukulipira chiyani? Mukulipira pulasitiki, imene zipangizo zake zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Mukulipira dizilo wa lole yotsika Khwekhwerere mabuleki akununkha, kapepala ka phiri kaja, msonkho wa boma, magetsi a filiji, phindu la wa holoselo, la wa golosale ndi la mnyamata wothamanga uja. Madzi enieniwo ndiwo otsika mtengo pa zonsezi. N'chifukwa chake kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madzi a m'botolo anakwera limodzi ndi sopo ndi shuga, ngakhale kuti mvula imene inadzaza chitsime cha fakitale sinamvepo za dola. Ndi Fanta wa m'botolo lagalasi zinthu zimakhala poyera: umagula chakumwa, botolo n'lobwereka, ndipo mwini golosale sakuchotsa diso mpaka ulibweze. Ndi madziwa malonda atembenuka. Umagula botolo, madziwo n'kukupatsa ngati basela.

Banja lililonse kuno lili ndi m'bale wake wa ku Area 25. Anakulira ku Mtakataka, akumwera pachithaphwi chimodzi ndi ng'ombe kubusa, akusambira m'nyanja mpaka likodzo linamuzolowera. Lero akabwera kumaliro amatsika galimoto ndi katoni ya madzi paphewa. Agogo amatuma kamtsikana kuti kamulandire mwamwambo, katagwada, kapu ya madzi a mumtsuko m'manja awiri.

"Pepani agogo, m'mimba mwangamu simugwirizananso ndi madzi akuno."

"Oo, munasintha mimba, bambo? Nanga ija munachoka nayo kunoyi munaisiya kuti?"

Nsima yophikidwa ndi madzi omwewo amadya mitanda itatu. Thobwa amamwa mpaka kunyambita masese. Katoni ija imatha tsiku loyamba lomwe, chifukwa pamaliro palibe chinthu cha munthu mmodzi, ndipo adzukulu okumba manda nawo ali ndi makosi. M'mawa mwake mlongo wake amatola mabotolo, amawadzaza pamtsuko kuseri kwa khitchini, n'kuwabwezera m'katoni. Achimwene amatsegula limodzi, amamwa, amapuma mozama n'kuuza msuweni wawo kuti, "Awa ndiye madzi, aphwanga. Mwamva kupepuka kwake?"

Komabe tisamuseke mopitirira, mantha ake ali ndi pochokera. Kolera imene inabuka mu Marichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi ndi Salima, oyandikana nafe, analira maliro ambiri. Madzi oyera m'maso akhoza kukugoneka pachipatala cha Mua. Mijigo ina ya kuchigwa ndi yamchere, sopo sachita thovu, tiyi sakoma. Ndipo madzi abwino a pamjigo amaipira panjira, m'chigubu chosatsuka ndi m'kapu imodzi imene aliyense amaviika mumtsuko pamodzi ndi zala zake. Koma mankhwala a vutoli safika pa K40,000. Alangizi a zaumoyo amagawa klorini m'midzi, ndipo kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard kamakwanira chigubu chonse cha malita 20. Apa mpamene abambo amadzuka. Akuti madziwo akununkha chipatala. Ena amanong'ona kuti klorini amachepetsa mphamvu za m'nyumba, ndipo amanong'ona zimenezi atagwira kabotolo ka kachasu wa mutu, amene ukathira pamoto amayaka.

Abambo omwewa ndiwo amavutitsa komiti ya mjigo. Mjigo umene tili nawo m'midzi yambiri, wa mtundu wa Afridev, si mlendo kuno. Unayambira m'Malawi momwemuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo unayesedwa m'chigwa cha Livulezi, chapafupi pomwepa. Anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha popanda kudikira boma. Chimene umafuna ndi marabala atsopano nthawi ndi nthawi, ndi kandalama ka makaniko zikavuta kwambiri. Choncho khomo lililonse limayenera kusonkha kangachepe pamwezi, ndalama imene nthawi zambiri sikwana n'komwe botolo limodzi la mowa. Koma tamverani mlandu wake. "Madzi ndi a Mulungu, inu mukugulitsa bwanji?" Akufunsa choncho ndi bambo amene dzulo pa Mtakataka anaitanitsa Kuche Kuche wa tebulo lonse, n'kuuza wogulitsa kuti chenji asunge. Kubala mtengo ukakwera amangopukusa mutu, kutukwana boma pang'ono, n'kuitanitsa lina. Komiti ikawonjezera K200 amaitanitsa msonkhano wa mudzi wonse, kufuna kuona mabuku. Mjigo ukafa, akazi awo amadzuka nthanda isanatuluke kupita kumtsinje, kumene kwina ng'ona nazo zimadikira, ndipo bambowo amakwiya kuti madzi osamba achedwa.

Pa zonsezi, chimene ndimachipatsa ulemu ndi botolo lenilenilo, chifukwa limagwira ntchito kuposa amene analigula. Likachoka patebulo la akuluakulu limalowa ntchito ya thobwa pamsika. Likachoka apo limayeza mafuta ophikira, kenako limaima m'mbali mwa msewu litadzaza petulo wa njinga zamoto za kabaza, makamaka masiku amene pamalo omwetsera mafuta pali mizere yokhayokha. Lina limapita kunyanja kukayandamitsa ukonde, lina ana amaliboola n'kuliika matayala. Likatopa limagona m'ngalande mpaka mvula ya Januwale idzalinyamule kupita nalo kunyanja, kumene limakayandama pamwamba pa madzi amene mwini wake woyamba ankakana kumwa. Koma ntchito imene limaikonda kwambiri, ikuoneka kuti ndi ija ya madzulo, kuseri kwa nyumba zofuka utsi.

A msungichuma a komiti ya mjigo, mayi wa kope lakuda ndi cholembera chomangirira ulusi, amayenda khomo ndi khomo kumapeto kwa mwezi. Afika pakhomo pa bambo wa tebulo lonse uja, amupeza pansi pa mtengo, botolo la kachipewa kabuluu lili pambali, lodzaza bwino, loyera mbee.

"Odi, bambo. Tabwerera ya mwezi uno, ndi ya miyezi itatu yapitayi."

"Mayi, ine mundichotse m'kaundula wanuyo. Za pamjigo ndinasiya. Simukuona? Ndimamwa a m'botolo."

"Tabweretsani ndione nawo."

A msungichuma atsegula, anunkhiza, misozi yalengeza m'maso.

"Zoonadi bambo, awa sanachokere pamjigo."

"Ndi zimene ndikunenazo."

"Koma mayi amene anakutchezerani amenewa anatunga zigubu zisanu ndi chimodzi pamjigo wathu Lachiwiri, ndipo nawonso sanasonkhe. Ndilembe dzina lanu kawiri, kapena mukawauza nokha?"