Kodi galimoto yatsopano imabadwa yotsimphina?

Ine ndine munthu wa ngolo. Kwathu ku Ulongwe ngolo ikapendekeka sitifunsa munthu: mwina tayala laphwa, mwina chitsulo cha mawilo chapindika, mwina wopakira mbatatesi waunjika matumba mbali imodzi. Koma ngolo yongochoka kumene kwa owotcherera ikabwera yopendekeka, umaibweza tsiku lomwelo ng'ombe usanazimasule pagoli. Ndiye mundikhululukire ngati mafunso anga ali achibwana.

Mwana wa mlongo wanga ndi dalaivala pakampani ina yogwira ntchito kumigodi ya malasha ku Moatize. Nditapita ku Tete kukaonetsa maso kuchipatala, adadzanditenga ku Matundo pa pikapu yoyera mbee, mipando idakali m'mapulasitiki, kambendera kakupepeluka pandodo yaitali monga zimakhalira galimoto za kumgodi. Ndidaizungulira momwe ndimazungulira ng'ombe pamsika. Kuima chakumbali, ndidaona mbuyo ili m'mwamba, mphuno yawerama ngati mbuzi ikumwa madzi. Kuima kumbuyo, phewa lakumanzere latsika pang'ono.

"Yagwera kale m'dzenje?" ndidafunsa.

"Iyayi malume, yangofika sabata yatha. Zimakhala choncho."

Zimakhala choncho bwanji? Chinthu cha mtengo woposa khola lonse la ng'ombe za pamudzi pathu chikhale choncho? Tidawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, wolendewera pazingwe uja, womwe adaumaliza mu 1973, ine ndikumuvutitsabe mnyamatayo, mpaka adatopa n'kupita nane kwa makaniko wina wachikulire amene kumeneko amangomutchula kuti amesitiri.

Za mbuyo yokwera adayankha asadadzuke n'komwe pomwe adakhala. Kutsogolo, iwo adati, kuli masipuling'i opotana ngati a pansi pa mpando wa njinga, ndipo amanyamula injini usana ndi usiku. Kumbuyo kuli zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana, zopangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, kunena kuti matumba 20 a makilogalamu 50. Ukaikweza katundu mbuyo imatsika, galimoto n'kulingana. Ikadabwera yolingana kale, tsiku lonyamula simenti mbuyo ikadakhala pansi, nyali zikuunika kumitengo.

Apo ndidamva, chifukwa nawonso mtengo wa ngolo umatsika ikadzaza. Komabe ndidafunsa kuti nanga mapikapu onse ndawaona m'tauni muno, onyamula bwana mmodzi ndi kachikwama kake, ndiye kuti adzakalamba mbuyo ili m'mwamba, akudikira matumba osabwera? Amesitiri adati eya. Ine ndikuona ngati kumeneko n'kugula ng'ombe yolima kuti uzipita nayo kutchalitchi, koma poti ndalama si zanga, ndidakhala chete.

Za phewa lakumanzere ndiye zidawadzutsa. Adandifunsa komwe ndidaiona itapendekeka. Ndidati pamsewu. Adaseka, nati msewu uliwonse womangidwa bwino umakhala wotukuka pakati kuti madzi amvula azitsetsereka, ndipo poti ku Mozambique timayendera kumanzere, monganso ku Malawi ndi ku Zimbabwe, galimoto yoima m'mbali mwa msewu imatsamira kumanzere ngakhale ikhale yabwinobwino. Ndiye kuti wopendekeka ndi msewu? Kapena maso anga omwe ndadzaonetsawa?

Adaiimika pa simenti yomwe adayamba aiyesa ndi levulo ya omanga nyumba. Adapima mpweya m'matayala onse anayi, n'kuchepetsa limodzi lomwe lidapitirira. Kenako adatenga tepi, osayeza kuchokera pansi, koma kuchokera pakati penipeni pa wilo kufika pamlomo wa madigadi, kuti tayala lisawanamize. Kumanzere kudapereweradi ndi sentimita imodzi n'kanthu, ngati chala changa chamkombaphala. Mtima wanga udakhala pansi kuti maso akugwirabe ntchito.

"Achikulire, suzumirani apa," iwo adatero.

Ndidagwada. Pakati pamadutsa chitsulo chachitali chozungulira, chopititsa mphamvu ya injini kumatayala akumbuyo. Poti pakati padatengedwa kale, thanki ya mafuta adaikankhira mbali imodzi, paipi ya utsi mbali inayo. Thanki za mapikapu otere zimalowa malita pafupifupi 80, ndipo dizilo wochuluka choncho amalemera makilogalamu pafupifupi 67. Ndiye kuti galimoto ikamwa mafuta n'kukhuta, imakhala yabereka munthu wamkulu m'chiuno mbali imodzi, momwe mayi amanyamulira mwana pambali. Batire nalonso lili pakona yakeyake.

Nanga opangawo sadziwa kuti thanki adaiika kumbali? Amadziwa, adatero amesitiri. Mapikapu ambiri oyenda kuno amachokera ku South Africa: Toyota Hilux ku Durban, Ford Ranger ku Pretoria, Isuzu D-Max ku Gqeberha komwe kale kunkatchedwa Port Elizabeth. Pa galimoto zina opanga amaika sipuling'i yakumanzere yosiyana ndi yakumanja dala, koma kulemera kwa thanki kumasintha tsiku ndi tsiku, ndiye sungalinganize zonse. Ku America, komwe dalaivala amakhala kumanzere, galimoto ina imakhala ndi dalaivala, thanki ndi batire mbali imodzimodzi, moti eni a Toyota Tacoma adachita kukupatsa dzina kupendekekako. Adaonjeza kuti masipuling'i atsopano amakhazikika akayenda ndithu, ndipo opanga amalola kusiyana pang'ono osakutcha vuto.

Apa mpamene mutu wanga sudagwirebe mpaka lero. Amene amanena kuti kusiyana kwakuti n'kololedwa ndi yemweyo wopanga n'kugulitsa? Ine ndikagulitsa mbatatesi, kodi ndingamuuze wogula kuti thumba loperewera ndi mbale imodzi n'lololedwa chifukwa ndatero ndine? Amesitiri sadayankhe. Adangopukuta m'manja, nati lamulo la kusukulu alibe, koma iwo chala chimodzi sachidandaula, zala ziwiri kapena zitatu amagona pansi pa galimoto.

Ndidafunsa chomwe amakayang'ana kumeneko. Adati chitsulo chimodzi mwa zosanjikizana zija chikathyoka, kapena bawuti yozigwira pakati ikaduka, kapena mabawuti atamangidwa galimoto ili m'malere pa jeke, kapenanso chesisi itapindika, kupendekeka kumakula, galimoto imakokera mbali imodzi ukasiya chiwongolero, tayala limadyeka mphepete imodzi. Mashokapu, omwe anthu amathamangira kusintha, ntchito yake n'kuletsa kudumphadumpha, si kukweza galimoto. Mapikapu akale a ndodo yachitsulo yopotoka kutsogolo unkangopotokola bawuti, phewa n'kukwera. Atsopanowa umasowa kuika kachitsulo kokwezera kapena kusintha sipuling'i, ndipo iwo sangakhudze galimoto idakali pa chitsimikizo cha ogulitsa. Adamuuza mnyamatayo kuti alembe manambala a miyeso ya mawilo onse anayi ndi tsiku lake m'buku la galimoto, adzayezenso pakatha miyezi iwiri, thanki ili yodzaza chimodzimodzi, ndipo zikakula akaibweze komwe idagulidwa.

Tisanachoke ndidapempha chinthu chimodzi, choti mphwanga akhale pampando wake kumanja, ayezenso. Adayeza. Chala chija chidatsala pang'ono kutheratu.

"Ndiye kuti imawongoka iwe ukakhalamo?"

"Zikuoneka choncho, malume."

"Nanga ine ndikakwera kumanzere?"

Onse awiri adangoseka, osandiyankha. Pobwerera ku Matundo ndidakana mpando wakutsogolo. Ndidakhala kumbuyo kwa dalaivala, thumba langa la malambe ndi masawu lili pamiyendo.