Maso a Nkhono mu Registry

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Adanena zimenezi asanatsegulepo regedit, pulogalamu yolowera mu Registry. Akadaitsegula, mwambiwu ukadatalikirako, ndipo kumapeto kwake kukadakhala mawu osatchulika pamaso pa apongozi.

Kwa inu amene simunalowemo, Registry ndi kaundula amene Windows imalembamo nkhani zake zam'nyumba: pulogalamu iti itsegule fayilo yamtundu wanji, ndi mapulogalamu ati adzuke kompyuta ikangoyaka, chithunzi chanji chikhale pasikirini. Microsoft idamuyambitsa mu Windows 3.1 m'chaka cha 1992 ali wochepa thupi. Pofika pa Windows 95, zambiri zomwe zinkangomwazikana m'timafayilo ta INI zidasamukira mwa iye, ndipo chinenepereni sadaphwepo. Lero ali ndi mizu isanu ya mayina oyamba ndi HKEY. Pansi pa muzu pali makiyi, pansi pa makiyi pali makiyi enanso, ndipo m'kati mwa makiyiwo ndi momwe mwakhala tinthu timene munthu amafunadi, totchedwa ma value.

Kudekha kwachikale kunkayenda motere. Pulogalamu imene mudaichotsa chaka chatha ikukupatsanibe moni m'mawa uliwonse ndi uthenga woti fayilo yakutiyakuti sikupezeka. Mumatsegula regedit, kudina Ctrl+F, kulemba dzina lake, n'kukhala pansi. Kompyuta imaganiza. Mumathira madzi m'ketulo. Ikapeza malo oyamba, si amenewo. Mumadina F3, iyambenso kuganiza. Malo achiwiri si amenewonso. Pofika pa F3 wa nambala 30, tiyi wazizira, chala chachita dzanzi, ndipo mwaiwala chimene mumafuna. Koma chilungamo chake, chilichonse chimene chidatuluka mudachiona ndi maso anu, chimodzichimodzi.

Ndiye kudabwera anthu opanda nthawi yogwadira nkhono. Iwo amati ntchito yodikira ndi ya makina. Amalemba mzere umodzi, reg query HKLM /f "dzina" /s, pomwe HKLM ndi umodzi wa mizu ija, /f akutanthauza chofunidwa ndipo /s akulamula kuti afufuze mpaka pansi penipeni. Ena amakonda PowerShell, imene idatuluka mu 2006 motsogozedwa ndi Jeffrey Snover, ndipo imakulolani kuyenda mu Registry ndi malamulo omwe aja oyendera m'mafoda. Mumalemba Get-ChildItem HKLM:\SOFTWARE -Recurse, kudina Enter, n'kupinda manja monyadira.

Choyamba kutuluka ndi zilembo zofiira. Windows ikukana kuti muno simulowa, umonso simulowa. Makiyi ena, monga SECURITY, satsegukira ngakhale amene ali administrator wamba. Katswiri wathu sachita mantha. Amawonjezera -ErrorAction SilentlyContinue, ndipo zofiira zija zimatheratu. Anthu ambiri pamenepa amapuma mosangalala, koma palibe chitseko chatseguka. Mwangopempha kuti akakukanizani asamakuuzeni.

Pano m'pamene mwambi uja umabwezera. Get-ChildItem imakubweretserani makiyi, ndipo script yongoyang'ana mayina a makiyi ikutola zigoba. Taonani pamalo pomwe Windows imalemba mapulogalamu amene adaikidwa, ku HKLM\SOFTWARE\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Uninstall. Makiyi ambiri kumeneko alibe mayina achimunthu. Ndi manambala ndi zilembo 32 zosakanikirana, zoti ngakhale amene adazilemba sangaziloweze. Dzina lenileni la pulogalamu lili m'kati, pa value yotchedwa DisplayName. Script yanu imadutsa pamenepo liwiro la mtondo wadooka, n'kubwera kudzanena kuti kulibe kanthu. Nkhono ilipo, yangobweza tinyanga. Kuti itulutse maso muyenera kuima pa kiyi aliyense ndi Get-ItemProperty, kumufunsa zam'mimba mwake, ndipo script ija imene inkayenera kukupulumutsani ku F3 imayamba nayonso kukwawa.

Mwapirira, mwafunsa kiyi aliyense, kulibebe. Musafulumire kulumbira. Pa Windows ya 64-bit, mapulogalamu a 32-bit amalembedwa kuseri, pansi pa SOFTWARE\WOW6432Node, ndipo amene wapatsa script adiresi ya Uninstall imodzi yokha waona theka la mudzi. Chinanso choseketsa, koma chikakhala chagwera mnzanu, ndi HKEY_CURRENT_USER. Muzu umenewu umaonetsa za amene wayendetsa script. A IT akabwera n'kulowa ndi akaunti yawo kuti akonze vuto la mlembi wa muofesi, amafufuza m'thumba mwawo momwe, n'kulengeza kuti zonse zili bwino. Za mlembiyo zili m'fayilo yake ya NTUSER.DAT, ndipo iye akatuluka pa akaunti yake sizioneka mpaka wina azikweze ndi reg load. Mawa m'mawa uthenga uja umamupatsanso moni, a IT ali kunthambi ina.

Vuto lalikulu, kwa ine, si script ikasowa kanthu. Ndi ikapeza. Mwalemba dzina lalifupi, tinene "java" kapena "edge", ndipo sikirini yasefukira. Muli JavaScript amene sagwirizana ndi Java, muli "knowledge" amene walakwa kungokhala ndi zilembo zinayi zija kumchira. Zina zabwera kawiri, chifukwa HKEY_CLASSES_ROOT ndi chithunzithunzi chabe cha zomwe zili kale m'mizu ina iwiri. Kudekha kumene tinkati tathawa kwangosamuka, kuchoka pakufufuza kupita pakuwerenga, ndipo kuwerenga ndi kumene munthu wa script amadana nako kwambiri. Adalemba script n'cholinga choti asawerenge.

Ndiye dzanja limayabwa. Kumapeto kwa mzere uja amangolumikizapo Remove-Item -Recurse, zonse zipite pamodzi. Apa mverani bwino, achimwene: Registry ilibe Recycle Bin, ndipo Ctrl+Z siibweza kiyi amene wafufutidwa. Ngakhale Microsoft yomwe idanena poyera kuti siilimbikitsa mapulogalamu odzitcha otsuka Registry, nanga inu ndi mzere umene mwaukopera usiku, maso ali lendelende?

Mankhwala ake ndi otchipa mochititsa manyazi. Lamulo la reg export limasunga kiyi m'fayilo ya .reg musanamukhudze, ndipo limatenga nthawi yochepa kuposa kupatsana moni. PowerShell ilinso ndi -WhatIf, imene imakuuzani zomwe ikadafufuta popanda kufufuta chilichonse. Zilembo zisanu ndi chimodzi ndi kamzere kutsogolo, basi. Akatswiri onse amaidziwa bwino, ndipo amaifotokoza momveka kwambiri Lolemba m'mawa, ataima kumbuyo kwa mpando wa abwana, pulinta ya ofesi yonse itasiya kudziwika ndi kompyuta, wina atatumidwa kale kukasaka fulashi ya Windows m'madirowa.