Galaja ilipo, galimoto ikubwera

Galimoto ndilibe, koma galaja ndili nayo. M'menemo mumagona njinga yakapalasa, matumba a chimanga ndi wilibala yopanda tayala. Chuma chotere sichingakhale pamtetete, ndiye ndinalengeza pabanja kuti ndikugula chitseko cha malata chokulungira m'mwamba ngati mphasa, chija timachiona pa mashopu a ku Limbe. Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo a ana, wakuba wake uti amene akusowa tulo chifukwa cha wilibala imeneyi?"

Wogulitsa anayamba ndi miyeso. Akuti zitseko zambiri zochokera ku South Africa, za galimoto imodzi, zimakhala mamita 2.44 m'lifupi ndi 2.13 msinkhu. Khomo langa anamanga ndi alamu anga, munthu amene tepi amayiona ngati chipongwe pa maso amene Mulungu anam'patsa. Mmisiri ataika levulo pakhoma anaseka mpaka kukhala pansi. Kumunsi khomo n'lotakasuka, kumwamba n'lopanikizika, pomwe njanji za m'mbali zimafuna kuima chilili kuti malata asakakamire panjira.

Kenaka nkhani ya mpukutu. Chitseko chikakwera chimadzikulunga pamwamba pa khomo, ndipo mpukutuwo umafuna malo akeake, masentimita ngati 40. Kwanga pamenepo panali denga. Tinatsitsa khomo. Galimoto imene ndidzagule iyenera kudzakhala yodzichepetsa, monga mwini wake amene tsopano amalowa chowerama.

M'kati mwa mpukutumo muli sipuling'i, ndiyo imanyamula kulemera konse. Mmisiri poikunga anati, "Bwana, imani uko, iyi imathyola zala." Ine monga wolipira ndinalamula kuti awonjezere pang'ono. Lero chitsekocho ukangochikhudza chimathawira kumwamba, ndipo pochitsitsa ndimalendewera thupi lonse, ana akuwomba m'manja. Cha mota ndi rimoti ndinachikana ndekha, poganizira masiku othima magetsi, ngakhale mtengo wake unali utandikaniratu kale.

Njanji ndinazipaka girisi wambiri mwachikondi. Fumbi la mu Okutobala linamatirira, chitseko n'kuyamba kulira moti agalu a mzere wonse amayankha. Ndikachedwa ku bawo, pobweza njinga usiku, mayi safunanso wotchi. M'mawa aneba amandipatsa moni wakuti, "Mwadzuka bwanji achimwene, dzulotu munafika 11 koloko."