Amatsenga nawonso amatopa

Mu Dungeons & Dragons, masewera apatebulo omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974, matsenga sabwera chisawawa. Wamatsenga aliyense ali ndi kumene amawatenga.

Wizard amakhetsera thukuta m'mabuku. Malinga ndi malamulo a 2014, kukopera tsenga limodzi la gawo loyamba m'buku lake kumamudyera maola 2 ndi ndalama zagolide 50. Mnzake sorcerer anangobadwa nawo, mwina chifukwa kumakolo kwake kunali chinjoka. Cleric amapempha kwa mulungu wake, druid amatapa m'chilengedwe, pomwe bard amangoyamba nyimbo, zinthu n'kumachitika.

Wachidule ndi warlock, yemwe amapangana ndi chiwanda kapena mzimu wina wamphamvu. Ameneyu ali ngati wotenga katapila: lero akudyerera, koma mwini ndalama sanaiwale.

Onsewa mphamvu zimawathera ndithu. Wizard uja akawononga matsenga ake akuluakulu a tsikulo, ayenera kupuma maola 8 kuti onse abwerere, sukulu yonse ija osamuthandiza. Warlock, wangongole uja, amapuma ola limodzi lokha n'kudzuka ali wodzaza.