Kaundula wa diresi limodzi

Buku lino ndi lomwe timalembamo ufa, shuga, sopo ndi lendi. Masamba otsatirawa ndawapatulira diresi limodzi, lokavala ku ukwati wa mng'ono wanga, poti abambo a ana afunsa kawiri konse kumene ndalama za mwezi uno zalowera.

Cholinga chinali kupulumutsa K15,000. Telala wa pakhonde la sitolo ku Limbe anatchula mtengo umenewo, zipi ndi ulusi zikhala zake. Ine makina opondaponda ndili nawo, anandisiyira ndi mayi anga, manja ndili nawo, kusoka ndinaphunzira kupulayimale. Ndinati ndisoka ndekha.

Patani: K0. Anatumiza ndi achemwali okhala ku Leicester. Dzina la kampani yake sindilemba, mlandu ndi wa m'nyumba muno. Pa envelopu pali mayi wamtali ataima chopendekeka, dzanja m'chiuno, akumwetulira ngati munthu amene sanaphwasulepo msoko.

Minibasi yokatenga patani yaulereyo kwa amene anabwera nayo, pamodzi ndi chakumwa chomuthokozera: K3,000.

Zitenje ziwiri za yunifolomu ya ukwati, chimodzi K8,000: K16,000. Kuseri kwa envelopu kuli tchati chonena kuchuluka kwa nsalu, ya masentimita 115 m'lifupi ndi ya masentimita 150. Chitenje chimagwera pa 115, ndipo ziwiri ndi mamita 4, okwana ndi kutsalako. Tchaticho chimawerengera nsalu yaitali yosadula. Zanga anazidulira pakati kusitolo, ndipo pali mbalame zimene zonse zimayang'ana mbali imodzi.

Zipi ya masentimita 55, ulusi ndi mapini: K3,000.

Kudziyeza: K0. Pano ndilembapo zambiri ngakhale palibe ndalama yatuluka. Kukaunjika ndimavala 14, ndipo achemwali akudziwa zimenezo, n'chifukwa chake anagula envelopu ya masaizi 6 mpaka 14. Koma 14 ya patani ndi munthu wina. Chifuwa chake ndi mainchi 36, chiuno 28, m'matako 38. Ine tepi inanena kuti 40, 34 ndi 45. Ndinayezanso nditapuma mozama, ndinayezanso m'mawa ndisanadye phala, tepi sinasinthe mawu. Malinga ndi tchati, pachifuwa ndine 18, m'chiuno ndine 20, kumbuyo ndili pakati pa 20 ndi 22. Ndife azimayi atatu, ndipo palibe ngakhale mmodzi wa ife amene ali mu envelopumo.

Nyuzipepala zakale ndi selotepi zokulitsira patani: K1,500. Ndinayala kapepala kalikonse pa nyuzipepala n'kuwonjezera m'mbali monse mofanana, monga munthu wanzeru aliyense angachitire. Tsamba lamasewera limene abambo a ana anali asanamalize kuwerenga tsopano ndi kutsogolo kwa siketi. Mtengo wake sindinaike, koma akulitchulabe.

Chidutswa cha nambala 7: K0. Pepala la patani ndi lopyapyala kuposa la buledi, limang'ambika munthu ukangoyetsemula. Mwana wathu wachiwiri anaona kuti n'loyenera kaiti. Kaitiyo inauluka bwino. Chidutswacho ndinachijambulanso poonera kachithunzi kake ka m'malangizo, kokula ngati chikhadabo.

Ndilembeko apa kuti amene anayambitsa kugulitsa mapatani a masaizi osiyanasiyana ndi Ebenezer Butterick, telala wa ku Massachusetts ku America, mu 1863. Anayamba ndi makatoni, kenako anasinthira ku pepala lopyapyalali kuti lizipindika ndi kutumizika pa positi mosavuta. Patani yanga si ya kampani yake. Ndangomutchula kuti m'masamba ano mukhale mwamuna mmodzi amene sindikumudandaula.

Nsalu yoyesera: K6,000. Odziwa amati usanadule nsalu yeniyeni uyambe wasoka diresi lonse pa nsalu yachabe. Nsalu yachabe m'nyumba muno mulibe. Ndinatenga yoyala pabedi la alendo, ndipo Loweruka lomwelo apongozi anabwera kudzagona. K6,000 ndi ya ina yomwe ndinathamangira kukaunjika.

Zotsatira za kuyesako, zopanda mtengo: khosi linayasama mpaka paphewa, mapewa anagwera m'mikono, pachifuwa panathinabe, kumbuyo nsalu inakwera ngati ikuthawa madzi. Madati, timapindo tija timene timapatsa bere malo, analoza kukhwapa. Mzere wa m'chiuno unafika pamene chiuno changa chinathera kalekale. Mwana woyamba anandiyang'ana n'kufunsa ngati kutchalitchi kuli sewero.

Bandulo ya intaneti: K4,000. Pa YouTube ndinamva zimene envelopu sinanene mokweza. Mapatani ambiri a makampani akuluakulu amajambulira mkazi wamtali pafupifupi masentimita 165 mpaka 168, wa bere la kapu B, kutanthauza kuti pakati pa muyezo wa pamwamba pa chifuwa ndi wa pabere penipeni pamasiyana mainchi 2. Ine ndine wa masentimita 155, ndipo ndinayamwitsa ana atatu. Munthu ngati ine amayenera kusankha saizi poyeza pamwamba pa chifuwa kuti mapewa ndi khosi zikhale bwino, kenako n'kung'amba pepala mizere itatu, kulitambasula, kumata lina pansi pake, kusuntha dati. Wokulitsa m'mbali monse amakulitsa ndi khosi lomwe, pomwe khosi silinanenepe. Mayi wa mu vidiyo anachita zonsezi m'mphindi 12 pa tebulo lalikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Ine ndinachitira pamkeka masiku awiri, nditapanikiza pepala ndi mbale, sopo ndi Baibulo.

Malo a msoko: K0, koma ulusi wambiri unapita. Patani imasiya 5/8 ya inchi m'mbali, omwe ndi masentimita 1.5. Mayi anga ankasoka motsatira m'mphepete mwa kaphazi ka makina, ine ndinatengera zomwezo, ndipo pamenepo sipafika ndi sentimita imodzi yomwe. Pa msoko umodzi kusiyanako sikuoneka. Diresili lili ndi misoko 6 yoimirira. Ndinaphwasula yonse ndi lezala.

Chitenje chachitatu: K9,500. Mtengo unakwera chifukwa akomiti ya ukwati anali atagula pafupifupi zonse, wogulitsa n'kudziwa kuti sindingapite kwina. Chifukwa chogulira ndi ichi. M'malangizo, mbali yakunja ya nsalu amaijambula yodera, yamkati yoyera, kuti usasokoneze. Chitenje chabwino kunja ndi mkati chimaoneka chimodzimodzi. Ndinadula mkono woyamba, ndinadula wachiwiri osatembenuza pepala, ndinasokerera ndi kupinda zonse bwinobwino, ndinapezeka ndi mikono iwiri yakumanzere. Poudulanso pa nsalu yotsala, mbalame zinayang'ana pansi. Ukwati wa mng'ono wanga sindingapiteko ndi mbalame zogwa chamutu, anthu akwathu amaona zinthu.

Singano zitatu zothyoka, zonse pa zipi: K1,500.

Makala a simbi: K2,000. Malangizo amati usite msoko uliwonse ukangousoka. Mawu akuti sita ndinawawerenga mpaka ndinaleka kuwerenga. Masiku amenewo magetsi ankabwera usiku tonse titagona.

Nyemba zopserera, ndi mazira olowa m'malo mwake: K3,500. Ndinali pa ndime 14 ya malangizo, imene imati uchite monga pa ndime 9 koma mbali inayo. Ndime 9 imati uone chithunzi. Pachithunzipo pali mizere iwiri ndi muvi. Zomwezo analembanso m'Chifalansa, ndinayesa kuwerenga kumeneko mwina n'kumveka bwino. Fungo linachokera kukhitchini.

Mankhwala a mutu: K500.

Telala: K18,000. Ndinapita Lachitatu, ukwati uli Loweruka, zidutswa zili m'jumbo. Anazitulutsa chimodzichimodzi, kuziyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, osaseka.

"Anakusokerani ndani, mayi?"

"Munthu wina wake, bambo."

"Musadzapitekonso."

Anandiyeza ndi tepi imene inali m'khosi mwake. Sizinathe mphindi ziwiri. Manambala analemba pa kachidutswa ka katoni, kenako anajambula ndi choko pansalu pomwepo, popanda pepala lililonse. Ndinamukumbutsa kuti poyamba anati K15,000. Anati imeneyo inali ya kusoka, iyi ndi ya kukonza, ndipo kukonza kumayamba ndi kuphwasula. Ndinamuonetsa envelopu kuti aone sitayilo. Anayang'ana mayi wapachithunzi uja nthawi yaitali ndithu, n'kunena kuti, "Awa ndi awa, inu ndi inu." Ndalama ya mawu amenewo sanaitchule padera.

Lachisanu madzulo diresi linatha. Linandikwana paliponse. Mikono anaifupikitsa kuti mbalame zonse ziyang'ane kumwamba, ndipo nsalu inatsalako ya duku.

Zonse pamodzi: K68,500.

Ndikanapita kwa telala tsiku loyamba: zitenje ziwiri K16,000, kusoka K15,000, pamodzi K31,000.

Zopulumutsa: palibe. Zoonjezera: K37,500, osawerengera masabata atatu, tsamba lamasewera, ndi zimene apongozi akanene kumudzi.

Zolowa: azimayi anayi ku ukwati anafunsa amene anasoka. Ndinati tinathandizana. Pa vidiyo ya ukwati ndikuoneka masekondi ochepa pa perekaniperekani, kuchokera kumbuyo, ndipo kumbuyoko kuli bwino.

Katundu wotsala: diresi loyesera limodzi la nsalu ya pabedi, lomwe tsopano tikukolopera, mikono iwiri yakumanzere, mapini pafupifupi theka, enawo akupezeka okha pamkeka anthu akamakhala, patani imodzi, yosowa nambala 7, imene yakana kubwerera mu envelopu ngakhale ndaipinda njira zinayi. Ndaiika m'jumbo pansi pa matiresi.

Abambo a ana awerenga masamba onsewa dzulo usiku, asayina pansi, sananene kanthu. Achemwali aimba foni kuti aona zithunzi, diresi lakongola, ndipo agula kale mapatani ena awiri oti abwere nawo pa Khirisimasi. Ndawauza kuti atenge a 14 mpaka 22.